Funso la mayi wa kusikelo, ndi kafukufuku wa mankhwala a ziphuphu amene ndimalakalaka atachitika kuno ku Tete

Mayi amene anandiyambitsa kuganizira nkhani imeneyi sanabwere kuchipatala chifukwa cha nkhope yawo ayi. Anabwera ndi mwana kusikelo, ndipo anzawo onse atabalalika iwo anatsalira pabenchi, akukonzakonza nsalu yoberekera ngati munthu amene waiwala kanthu. Nditawafunsa ngati pali vuto lina, anayang'ana kukhomo kaye, kenaka anatsitsa mpango umene anaukulunga mpaka m'masaya n'kundionetsa chibwano ndi m'mbali mwa nsagwada. Panali ziphuphu zazikulu zolimba, zina zili ndi mafinya, ndipo pakati pake panali mawanga akuda ochuluka kuposa ziphuphuzo. Anatsegula kachikwama n'kuika patebulo kachubu ka mafuta kofinyidwa mpaka kumapeto, sopo wokulungidwa m'pepala la pulasitiki, ndi makapisozi angapo a antibayotiki wotchedwa doxycycline otsala pa amene anagula okha. "Anamwino," anatero motsitsa mawu, "inu munaphunzira, tandiuzani zoona. Pa mankhwala onse amene anthu amanenawa, enieni ndi ati?"

Ndinawathandiza monga mmene ndikanathera tsiku limenelo, koma funso lawo linanditsatira mpaka kunyumba. Ndine namwino pa chipatala china chaching'ono m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo inenso ziphuphu zinandizunza nditapitirira kale zaka 30, moti ndikudziwa mmene zimakhalira kuimirira m'kwaya kutchalitchi uku ukuona ngati maso onse ali pachibwano chako. Chimene ndinazindikira usiku umenewo n'chakuti mayi aja sanafunse ngati kumwa mankhwala kumaposa kusamwa kanthu. Anafunsa kuti pakati pa awa ndi awo, owayenera iwo ndi ati. Funso lotere silingayankhidwe ndi zimene namwino mmodzi waona pa odwala ake, ngakhale atagwira ntchito zaka zambiri. Limayankhidwa ndi kafukufuku woyerekeza mankhwala awiri pa anthu ofanana m'nthawi imodzi, ndipo kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikuwerenga ndi kulingalira za mmene kafukufuku wotere angakonzedwere kuti apindulire amayi a kuno kwathu.

Chiphuphu chimayambira m'kabowo ka khungu mmene mumatuluka katsitsi ndi mafuta. Kabowoko kakatsekeka, tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense, timapeza poswanirana ndipo malowo amatupa. Kuchuluka kwa mafutawo kumalamulidwa ndi mahomoni a gulu la androgen, amene ambiri amawadziwa ngati achimuna ngakhale kuti amapezekanso m'thupi la mkazi aliyense. Kwa amayi akuluakulu ziphuphu zimakonda chibwano ndi nsagwada, ndipo zimabuka kwambiri masiku oyandikira kumwezi. Kumudzi timamva zakuti ndi mtedza, zakuti ndi magazi oipa, zakuti ndi uve, ndipo ndaonapo nkhope zopsa ndi mandimu ndi mankhwala otsukira mano, zonsezo pofuna kuchotsa litsiro limene silinali gwero la vutolo.

Mankhwala opaka alipo, monga benzoyl peroxide, amene amapha tizilombo koma amasukulutsa nsalu moti wopaka usiku amadzapeza pilo ndi mpango zitatuwa, komanso adapalene ndi azelaic acid. Opakawa akalephera, madokotala kwa zaka zambiri akhala akupereka maantibayotiki akumwa, makamaka doxycycline, kwa miyezi itatu kapena inayi. Isotretinoin ndi wamphamvu kuposa onse, koma amalumaza mwana m'mimba koopsa ndipo amafuna kuyang'aniridwa ndi katswiri wa khungu. Ndiye pali spironolactone, piritsi lakale losakwera mtengo limene ife anamwino timalidziwa ngati la odwala mtima ndi otupa thupi chifukwa limatulutsa madzi kudzera mumkodzo, koma limenenso limatchinga mphamvu ya mahomoni a androgen pakhungu. Amuna sapatsidwa piritsi limeneli pa vuto la ziphuphu chifukwa limatha kuwakulitsa mabere, choncho kuyerekeza kwa doxycycline ndi spironolactone ndi nkhani ya amayi okha.

Kunja anayamba kale kufufuza. Mu 2023 magazini ya zachipatala ya BMJ inatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa SAFA, wotsogoleredwa ndi Miriam Santer wa ku yunivesite ya Southampton pamodzi ndi Alison Layton. Amayi 410 a ku England ndi Wales, a zaka 18 kupita m'tsogolo, anagawidwa pawiri mwa maere: ena anamwa spironolactone, kuyambira mamiligalamu 50 pa tsiku kenaka 100, ndipo ena anamwa piritsi lofanana nalo maonekedwe koma lopanda mankhwala, limene ofufuza amalitcha placebo. Pofika sabata la 24, amayi 82 mwa 100 alionse a m'gulu la spironolactone ananena kuti nkhope zawo zasintha, pomwe m'gulu la placebo anali 63 mwa 100. Nambala yachiwiriyi ndi imene inandiimitsa powerenga. Amayiwo ankaloledwa kupitiriza mankhwala awo opaka, komanso ziphuphu zimakwera ndi kutsika pazokha, ndipo munthu amapita kuchipatala pamene zafika poipitsitsa, kotero kuti chilichonse chimene angalandire tsiku limenelo chimaoneka ngati chathandiza. Ku France, kafukufuku wa FASCE wotsogoleredwa ndi Brigitte Dréno, amene anasindikizidwa mu 2024, anayerekeza spironolactone ndi doxycycline pa amayi 133, magulu onse awiri akupakanso benzoyl peroxide, ndipo pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi spironolactone ndi amene anachita bwino.

Ntchito imeneyi ndimailemekeza kwambiri. Komabe amayi ambiri a SAFA anali azungu okhala m'dziko lozizira, ndipo khungu lawo, zimene amadzola, njira zawo zolera ndi mankhwala ena amene amamwa n'zosiyana ndi za mayi wa pabenchi uja. Zosiyana zimenezi ziyenera kulowa m'ndondomeko ya kafukufuku kuyambira tsamba loyamba.

Maziko a zonse ndi maere. Mu 1948 ku Britain kunatuluka kafukufuku wa streptomycin pa odwala chifuwa chachikulu, amene Austin Bradford Hill anathandiza kukonza, ndipo amakumbukiridwa chifukwa chakuti dokotala analibe mphamvu yosankha wodwala woti alandire mankhwala atsopanowo. Poyamba ndinkaona ngati kumeneku n'kukayikira chilungamo cha azachipatala, koma nditadzifunsa moona mtima ndinavomereza kuti inenso ndikanakondera. Mayi wa ziphuphu zoopsa, wolira pamaso panga, ndikanawaika ku mankhwala amene mumtima ndimawakhulupirira, ndipo wochokera kutali ku Dómuè, amene ndikuganiza kuti sadzabweranso, ndikanawaika ku enawo. Chifundo chimenecho chikanapotoza zotsatira popanda aliyense kunama. Choncho mndandanda wa magulu upangidwe pa kompyuta ndi munthu amene sakumana ndi odwala, ndipo usungidwe m'maenvelopu omata osaonekera mkati, a manambala otsatizana, otsegulidwa pokhapokha dzina la mayi litalembedwa kale m'kaundula. Maerewo achitikenso padera pa malo alionse, chifukwa dzuwa la mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, silifanana ndi mphepo ya kuno kumtunda kwa Ulongué ndi Tsangano. Doxycycline amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, pomwe spironolactone amachulukitsa mkodzo ndipo angabweretse chizungulire kwa munthu amene akutuluka kale thukuta lambiri. Gulu limodzi likadzaza ndi amayi a kuchigwa cha Zambezi, linalo ndi a kumapiri, tidzakhala tikuyerekeza nyengo m'malo mwa mankhwala.

Mayi asadziwe mankhwala amene akumwa, namwino wowapereka asadziwe, ndipo woyesa nkhope asadziwenso. Zimenezi zimatheka poika mankhwala onse awiri m'makapisozi ofanana, kapena popatsa mayi aliyense zonse ziwiri, chimodzi chenicheni ndi china chopanda mankhwala. Koma amayi athu amacheza pamjigo ndi pachigayo, ndipo sipangapite masabata ambiri wina asananene kuti akudzuka kawiri usiku kukataya madzi, kapena kuti masiku ake akumwezi asokonekera, zimene ndi zizindikiro zodziwika za spironolactone. Pa chifukwa chimenechi woyesa nkhope akhale munthu wina, wosafunsa za mkodzo kapena za kumwezi, ndipo kumapeto mayi aliyense afunsidwe kuti akuganiza kuti ankamwa ati, kuti zidziwike ngati kubisako kunagwiradi.

Pamene maganizo anga akhalitsa kwambiri ndi pa funso lakuti tidzayesa chiyani, chifukwa pamenepa ndi pamene ndondomeko yobwera nayo kuchokera kunja ingatiphonye osazindikira. Njira zozolowereka ndi kuwerenga ziphuphu chimodzichimodzi, zotupa padera ndi zosatupa padera, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, komanso muyeso wotchedwa IGA, umene dokotala amayang'ana nkhope yonse n'kuipatsa nambala kuyambira 0, khungu losalala, mpaka 4, ziphuphu zoopsa. Poyesa motere diso limadalira kwambiri kufiira kwa khungu, ndipo pa khungu lakuda ngati langa kufiirako sikuoneka monga mmene mabuku amajambulira. Chiphuphu chotupa chimaoneka choderako chabe, moti woyesa amene anaphunzirira pa zithunzi za azungu angachiwerenge ngati banga lakale, kapena kuwerenga banga lakale ngati chiphuphu chamoyo. Kangapo ndapeza kuti chala chimandiuza zoona kuposa diso: chotupa chimamveka kulimba ndipo mayi amabweza mutu ukachikhudza, pomwe banga ndi lathyathyathya ndipo silipweteka. Oyesa onse aphunzitsidwe pamodzi pa nkhope zakuda mpaka manambala awo azigwirizana.

Mawangawo paokha ndiwo nkhani yaikulu. Pa khungu lakuda, pamene panatupa pamatsala banga chifukwa maselo opanga melanin, imene imapereka mtundu wa khungu, amachulukitsa ntchito yawo pamalo povulala. Chiphuphu chimatha m'masabata ochepa, banga lake n'kukhala miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Mayi wa kusikelo aja pofotokoza vuto lawo sanaloze chiphuphu ngakhale chimodzi. Chala chawo chinkayenda pa mawanga. Tiyerekeze tsono kuti kafukufuku watha, ziphuphu zachepa ndi theka, ofufuza alemba kuti mankhwala agwira ntchito, koma mayi akadziyang'ana pagalasi akuonabe nkhope yomwe ija ya mathothomathotho. Iye adzabwerera kumsika kukagula kachubu kena. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti mawanga akhale ndi muyeso wawowawo, wolembedwa m'ndondomeko kafukufuku asanayambe, ndi zithunzi zojambulidwa m'chipinda chimodzi, pa kuwala kofanana, ndi kamera imodzi yoimikidwa pa mtunda wosasintha. Amene anajambulapo nkhope yakuda pa foni amadziwa kuti chithunzi cha m'mawa pawindo ndi cha madzulo pa babu zimaoneka ngati za anthu awiri osiyana.

Mawu a mayi mwiniyo nawonso akhale muyeso waukulu, monga anachitira a SAFA amene anaika mayankho a amayi pa mafunso a Acne-QoL, ofunsa mmene ziphuphu zikukhudzira moyo wa munthu, patsogolo pa zimene dokotala waona. Komabe mafunso otere sangangotembenuzidwa kupita ku Chipwitikizi, kenaka namwino aliyense n'kumawamasulira pakamwa m'Chichewa kapena m'Chinyungwe mwa njira yake. Alembedwe m'zilankhulo zimenezi, ayesedwe pa amayi enieni, akonzedwenso, ndipo akhudze moyo umene tikukhalawu: kodi mwajombapo kumsika chifukwa cha nkhope, kodi mwakanapo kuvina pa ukwati wa m'bale wanu, kodi wina anakunenanipo kuti muli ndi kachilombo poona khungu lanu. Dandaulo lomalizali ndalimva kwa amayi angapo, ndipo amalinena misozi ili m'maso.

Kachubu kamene mayi aja anaika patebulo ndinakawongola ndi chala mpaka nditawerenga tizilembo takumbuyo, ndipo munali clobetasol, mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la steroid. Mafuta otere, pamodzi ndi ena okhala ndi betamethasone kapena hydroquinone, amagulitsidwa m'misika ngati oyeretsa khungu. Masabata oyamba amasangalatsa chifukwa kutupa kumatsika ndipo nkhope imawala, koma pakapita nthawi khungu limapyapyala, mafutawo amayambitsa mtundu wawowawo wa tiziphuphu tofanana msinkhu, ndipo nkhope imabuka mowirikiza munthu akawasiya mwadzidzidzi. Kafukufuku wosalabadira zimenezi adzasakaniza matenda awiri m'dengu limodzi. Fomu yongofunsa kuti kodi mumadzola mankhwala ena siyokwanira, pakuti mayi adzayankha kuti ayi, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa kwa iye amenewo ndi mafuta odzola chabe. Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi kupempha mwaulemu kuti abweretse chilichonse chimene chimakhudza nkhope yawo, sopo, mafuta a tsitsi, phawuda, n'kuziona pamodzi popanda kudzudzula. Sindingakondenso kuti amayi odzola mafutawa angotayidwa kunja kwa kafukufuku, chifukwa ndi ochuluka ndithu mwa amene amafika kwa ine. Ndi bwino kuwathandiza kusiya pang'onopang'ono, kudikira kuti khungu likhazikike, kenaka n'kuwalowetsa zitalembedwa kuti anachokera kumeneko.

Nkhani yolemera kuposa zonse ndi ya mimba. Doxycycline amapewedwa kwa mayi woyembekezera chifukwa mankhwala a gulu lake angakhudze mano ndi mafupa a mwana, ndipo spironolactone amapewedwa chifukwa mphamvu yake yotchinga mahomoni achimuna ingasokoneze kakulidwe ka ziwalo za mwana wamwamuna. Ngozi ya mankhwala a thalidomide amene amayi oyembekezera ankamwa, imene inadziwika mu 1961 ana zikwi zambiri atabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira, inasiya mantha aakulu, ndipo mu 1977 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linalangiza kuti amayi a msinkhu wobereka asamalowetsedwe m'magawo oyambirira a kafukufuku. Langizolo linasinthidwa mu 1993, anthu atazindikira kuti kuteteza amayi powatsekera kunja kunkawasiya akumwa mankhwala amene anayesedwa kwambiri pa amuna. Pa ziphuphu za amayi akuluakulu njira yowatsekera kunja palibe n'komwe, pakuti odwalawo ndi a msinkhu wobereka womwewo.

Ndiye kuti mayi aliyense adzayezedwa mkodzo polowa ndi pa ulendo uliwonse, ndipo adzavomera kulera kwa nthawi yonse ya kafukufuku. Pa pepala umenewu ndi mzere umodzi, koma kuno kwathu umakhudza mwamuna, apongozi ndi anankungwi. Ndikudziwa amayi amene amabayitsa jakisoni amuna awo osadziwa, khadi lawo likusungidwa kwa mnzawo, ndipo kafukufuku amene angatumize uthenga wokumbutsa za kulera pa foni ya banja angathe kupasula ukwati. Ndikudziwanso mtsikana wongokwatiwa kumene amene akuchimuna akumuwerengera miyezi, ndipo kumupempha kuti adikire theka la chaka chifukwa cha ziphuphu ndi kumusenzetsa katundu wolemera. Zonsezi zinenedwe poyera mayi asanavomere, ndipo akasintha maganizo pakati pa njira atuluke mwaufulu akulandirabe chithandizo. Amene angatenge pakati mosayembekezera asiye mankhwala tsiku lomwelo, za m'botolo lake ziululidwe, ndipo atsatiridwe mpaka atachira ndi mwana atayezedwa.

Kulerako kumalowereranso pa zotsatira. Jakisoni wa Depo-Provera wa miyezi itatu ndi njira ya pamkono ija, monga Jadelle kapena Implanon, zili ndi homoni ya mtundu umodzi ya progestin, imene kwa amayi ena imawonjezera ziphuphu, pomwe mapiritsi a tsiku ndi tsiku okhala ndi mahomoni awiri amazichepetsa, moti paokha amagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala a ziphuphu. Mayi akayamba mapiritsiwa sabata lomwe walowa m'kafukufuku n'kupeza bwino, tidzayamika mankhwala olakwika. Choncho akhale atakhazikika pa njira yake kwa miyezi ingapo asanalowe, ndipo maere aja agawe amayi a jakisoni, a pamkono, a mapiritsi ndi a lupu mofanana m'magulu onse awiri. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene kafukufuku wa kuno angaphunzitse mayiko ena kanthu, chifukwa amayi a jakisoni tili nawo ambiri.

Palinso mankhwala ena amene namwino wa kuno angakumbutse ofufuza. Spironolactone amasunga m'magazi potaziyamu, mchere umene ukachuluka umasokoneza mtima, ndipo cotrimoxazole amene ambiri mwa omwa ma ARV amalandira amakwezanso potaziyamu, chimodzimodzi enalapril wa kuthamanga kwa magazi, kotero amayi otere ayezedwe impso ndi potaziyamu polowa ndi pakati pa njira, pa labotale yodalirika. Isoniazid wa chifuwa chachikulu amatha kutulutsa zotupa zonga ziphuphu, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amachepetsa kulowa kwa doxycycline m'thupi akamwedwa nthawi imodzi.

Za nthawi, SAFA anaonetsa kale kuti spironolactone amachedwa: pa sabata la 12 amayi onena kuti asintha anali 72 mwa 100 poyerekeza ndi 68 a placebo, ndipo mpata weniweni unaoneka pa sabata la 24. Kafukufuku wa miyezi itatu angamuweruze asanasonyeze mphamvu zake, choncho miyezi isanu ndi umodzi ndiyo yochepetsetsa, ndipo ndingawonjezere ina itatu mankhwala atasiyidwa kuti tione amene ziphuphu zikuwabwerera. Koma miyezi ya mayi wa ku Angónia siyenda mofanana. Mvula ikagwa mu Novembala ndi Disembala aliyense ali kumunda ndipo misewu ya kumidzi imaterera. Nthawi yokumba mbatata ya kachewere ena amakhalira ku misika ya m'malire monga Lizulu, ena amadutsa pa Calómuè kupita kwa abale ku Dedza pa maliro n'kukhalako mwezi. Masiku obwera akonzedwe motsatira masiku a msika ndi a sikelo, ndalama ya chapa (minibasi) ibwezedwe, koma isakule mpaka kukhala nyambo yokopa munthu wosauka kuvomera zimene sakanavomera. Amene asowa awerengedwebe m'gulu limene maere anawaika, chifukwa mayi amene wasiya mankhwala poona kuti akumuchititsa chizungulire akutiuza kanthu kofunika kokhudza mankhwalawo, ndipo kumufufuta m'kaundula ndi kukometsa zotsatira mwachinyengo. Ngati pakufunika amayi 100 omaliza m'gulu lililonse ndipo tikuyembekezera kuti mmodzi mwa asanu alionse adzasowa, tiyenera kuyamba ndi 125.

Chiwerengero chimenecho chimadalira funso lina limene kawirikawiri limayankhidwira m'maofesi. Poyerekeza mankhwala awiri ogwira ntchito, cholinga chimatha kukhala chongoonetsa kuti atsopano sakutsalira kwambiri kumbuyo kwa akale, ndipo pamafunika kusankhiratu kuti kutsalira kovomerezeka n'kotani. Mpata umenewo ukachepetsedwa ndi theka, chiwerengero cha amayi ofunika chimachuluka pafupifupi kanayi, choncho pamakhala chiyeso chousiya waukulu pofuna kusunga ndalama. Ine ndikuona kuti afunsidwe ndi amayi eniake, atakhala pamphasa, m'mawu omveka: kodi mungalole mankhwala ochedwerapo amene mungawamwe nthawi yaitali, kapena mungasankhe amene muyenera kuwasiya pakatha miyezi itatu? Yankho la mayi wogulitsa tomato padzuwa tsiku lonse lingasiyane ndi la mphunzitsi, ndipo onse awiri amveke ndondomeko isanatsekedwe.

Mnzanga wina wa kuntchito anandifunsa ngati n'koyenera kulankhula za ziphuphu m'chigawo chimene malungo, kolera ndi imfa za amayi pobereka zikadali pakhomo. Funso lake ndi lachilungamo, ndipo sindinganene kuti ziphuphu zikhale patsogolo pa zimenezo. Koma doxycycline amene mayi aja anagula okha, n'kumwa masiku ochepa n'kusiya, ndi yemweyo amene timadalira pa kolera ndi pa matenda ena opatsirana pogonana, ndipo kumwa maantibayotiki mwachisawawa kumathandiza tizilombo kuzolowera mankhwala. Ngati piritsi losakhala antibayotiki lingagwire ntchito yomweyo, phindu lake silithera pa nkhope. Luso lofufuza m'dziko muno lilipo: malo ofufuzira zaumoyo a ku Manhiça, amene anatsegulidwa mu 1996, anayesa katemera wa malungo wa RTS,S pa ana a ku Mozambique, ndipo mumzinda wa Tete muli sukulu ya zaumoyo ya UniZambeze pamodzi ndi chipatala chachikulu cha chigawo. Ndondomeko idutse ku CNBS, komiti ya dziko yoteteza anthu olowa m'kafukufuku wa zaumoyo, ndi ku ANARME yoona za mankhwala, ndipo ilembetsedwe poyera, mwachitsanzo m'kaundula wa Pan African Clinical Trials Registry, mayi woyamba asanalowe, kuti pasadzakhale wosintha muyeso ataona kumene zotsatira zikulowera.

Chilolezo cha mayi sichingakhale chidindo cha chala pansi pa masamba a Chipwitikizi. Chiwerengedwe mokweza m'chilankhulo chake pali mboni imene iye wasankha, ndipo afotokozenso yekha zimene wamva, makamaka mfundo yovuta ija yakuti ngakhale anamwino sakudziwa mankhwala amene ali m'botolo. Anthu athu amalemekeza yunifomu yoyera ndipo ambiri amavomera poopa kukhumudwitsa wachipatala, choncho wopempha chilolezo asakhale yemweyo amene amabaya katemera mwana wa mayiyo. Zithunzi nazo zisungidwe motsekera, chifukwa m'tauni yaing'ono ngati Ulongué chibwano chokha n'chokwanira kuti munthu azindikiridwe.

Mayi aja anaonana ndi dokotala, amene anawathandiza kusiya kachubu kaja pang'onopang'ono n'kuwalembera mankhwala opaka usiku, ndipo tinagwirizana kuti abwerenso pakatha miyezi itatu. Sabata lomwelo ndinagula kope limene ndimalembamo, eniake atavomera ndiponso popanda mayina, mawu amene amayi amafotokozera nkhope zawo, njira zawo zolera, ndi zimene zalembedwa pa machubu amene abweretsa, kuti ofufuza akadzafika adzapeze poyambira. Mayi aja anabwera mu Januwale, atachedwa ndi masabata atatu chifukwa cha kupalira, mpango uli pamutu pokha. Ndinawerenga ziphuphu zotupa n'kupeza zinayi, pamene poyamba zinali zoposa makumi awiri, ndipo ndinawauza mokondwa. Anamwetulira mwaulemu, anatulutsa kagalasi m'chikwama, n'kuloza pansi pa tsaya lamanzere. "Zikomo, anamwino, kupweteka kuja kunatha. Nanga mawangawa tiwayamba liti?"